Zolowa m'nyanja zilibe mlonda

Pa 1 Novembala chaka chilichonse nyanja ya Malawi imatsekedwa kwa asodzi a makoka kuti chambo chiswane mwamtendere. Zotsatira zake anthu a kunyanja amazidziwa pamtima. Boti la nthambi ya za usodzi limayendera madoko, makoka a maso ang'onoang'ono amalandidwa, maneti a udzudzu amene anasanduka zida zophera nsomba amaunjikidwa pamchenga n'kutenthedwa anthu akuona. Ntchitoyi njofunika, ndipo woitsutsa sakuifunira zabwino nyanja. Koma ikuonetsa kumene dziko lino linalozetsa maso ake. Malamulo, alangizi, apolisi ndi makomiti a m'madoko, onse akulondera zotuluka m'nyanja. Zolowamo zikungolowa usana ndi usiku, popanda wozifunsa kumene zachokera.

Pa ziwirizi, choopsa kwambiri ndi cholowacho. Nsomba zikachepa chifukwa cha makoka, anthu n'kuzipatsa mpata, zimachulukanso. A ku chilumba cha Mbenji ku Salima akhala akuonetsa zimenezi kuyambira m'zaka za m'ma 1950, potseka madzi awo miyezi ingapo chaka ndi chaka motsogozedwa ndi ufumu wa Makanjira wa kumeneko. Koma matope, zonyansa za m'chimbudzi, pulasitiki, udzu wachilendo, nkhono yachilendo kapena nsomba yachilendo zikangolowa, palibe mfumu kapena nduna imene ingalamule kuti zituluke.

Chifukwa chake chagona pa mmene nyanjayi inapangidwira. Kutalika kwake kumaposa makilomita 560, ndipo kumpoto imazama mpaka mamita 700. Mitsinje yothiramo ndi yosawerengeka: Songwe, Rukuru, Dwangwa, Bua, Linthipe, Ruhuhu wa ku Tanzania ndi ina yambiri. Wotulutsa madzi ndi umodzi wokha, Shire, umene umayambira pafupi ndi boma la Mangochi. Shire yemweyo amangotenga gawo losafika limodzi mwa magawo asanu a madzi amene nyanja imataya pachaka. Ena onsewo amauma ndi dzuwa n'kukwera kumwamba, kusiya m'mbuyo chilichonse chimene ananyamula. Akatswiri anawerengera kuti Shire angafunike zaka zoposa 600 kuti atulutse madzi ochuluka ngati amene ali m'nyanjamu. Ndipo Shire amatha kuima: kuchokera mu 1915 mpaka 1935 mutu wake unatsekeka ndi mchenga ndi bango, nyanja osatulutsa kanthu. Ndiye kuti chimene chikutayidwa m'madzi ku Makokola, m'gombe la Mangochi, chaka chino, adzukulu a adzukulu a otayawo adzachipeza chilipo.

Makokola ali pamalo ovuta kwambiri m'nkhani imeneyi. Mbali ino ya kum'mwera chakum'mawa, kuchokera ku Monkey Bay kudutsa Nkope, chilumba cha Boadzulu ndi Namiasi mpaka pamutu wa Shire, ndi yosazama. Mphepo ya mwera ikawomba m'nyengo yozizira, madzi achonde a pansi amakwera, ndere imamera, nsomba n'kupeza chakudya chambiri. N'chifukwa chake dera lino lakhala nkhokwe ya chambo kwa mibadwo, n'chifukwa chake kampani ya nsomba ya Maldeco inakhazikika kuno, n'chifukwa chakenso mahotela akuluakulu, nyumba zopumulirako za anthu a m'tauni ndi midzi ya asodzi zinathithikana m'gombe lomweli. Madzi osazama amatentha msanga, amada msanga, ndipo chachilendo chilichonse chimakhazikikamo mosavuta.

Cholowa chochuluka kuposa zonse ndi dothi. Mvula yoyamba ikagwa m'mapiri a Namizimu ndi Phirilongwe, kumene mitengo ikutha ndi makala komanso nkhuni zowambira nsomba, mitsinje imatsika itafiira, ndipo pamathiriro pake nyanja imasanduka yamatope mtunda wautali. Kafukufuku wamkulu wa SADC ndi GEF, amene likulu lake linali ku Senga Bay kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anapeza kuti mitsinje yodutsa m'minda, makamaka Linthipe, imabweretsa matope ndi chonde chochuluka kwambiri kuposa mitsinje yochokera m'nkhalango. Ofufuzawo anayerekeza kuti chonde cholowa m'nyanja chinali chitakwera ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi nthawi imene nkhalango zinali zilipo. Kuchokera nthawi imeneyo anthu awonjezeka pafupifupi kuwirikiza, minda yakwera m'mapiri ndi kutsikira m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, ndipo feteleza amene mlimi amamugula movutikira amakokoloka limodzi ndi nthaka yake.

Munthu angafunse kuti dothi lingaphe bwanji nsomba. Chambo chachimuna chimakumba chisa pamchenga woyera, chachikazi chimadzaikirapo mazira n'kuwatola kuwasunga m'kamwa, kenako chimakalavula ana ake m'madzi osaya, m'bango ndi m'udzu wa pansi pa madzi. Matope akakuta mchengawo, chisa sichikumbika. Mbuna za ku Boadzulu, chilumba chimene chili mbali ya Lake Malawi National Park, zimadya ndere yomera pamiyala. Matope akaphimba miyala ndi kutchinga dzuwa, ndereyo imafa. Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa. Mitundu yambiri ya nsomba za m'nyanjayi imazindikirana ndi maso: yaikazi imasankha yaimuna poona mawanga ake. Mu 1997 katswiri wina, Ole Seehausen, anaonetsa kuti m'madera a nyanja ya Victoria amene madzi anada, nsomba zinasiya kusiyanitsana, mitundu inasakanikirana, ndipo ina inazimiririka popanda khoka kuikhudza. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yoposa 800, yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko lapansi, ndipo kuyera kwa madzi ndiko kwathandiza kuisunga yosiyanasiyana chonchi.

Mpasa, sanjika ndi ntchila zimakwera mitsinje kukaswana pamiyala ing'onoing'ono. Mitsinjeyo lero yadzaza mchenga. Ntchila, imene m'zaka za m'ma 1950 inali m'gulu la nsomba zikuluzikulu za malonda, achinyamata ambiri a ku Mangochi sanaionepo.

Chonde chimene chathawa m'minda chikafika m'madzi chimapeza wochidya. Namasupuni kwawo ndi ku South America, ndipo anafalitsidwa padziko ndi anthu okonda duwa lake lokongola. M'Malawi anayamba kuoneka kumunsi kwa Shire kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 anali atafika kumtunda kwa Shire ndi m'nyanja ya Malombe, pakhomo penipeni pa nyanja yaikulu. M'madzi achonde udzuwu umatha kuwirikiza m'masabata awiri, ndipo njere zake zimakhala m'matope zaka zoposa khumi zili zamoyo. Ukayala pamadzi, dzuwa silifika pansi, zomera za pansi zimafa n'kuwola, mpweya umene nsomba zimapuma umatha, bwato silidutsa, ukonde suponyeka.

Nthambi ya za usodzi, mothandizidwa ndi boma la Britain, inabweretsa tizilombo tofanana ndi anankafumbwe totchedwa Neochetina, timene timaboola namasupuni yekha osakhudza mbewu zina. Tinkawetedwa m'matanki ku Mangochi n'kumatayidwa m'madzi mothandizana ndi asodzi, ndipo tinathandizadi. Koma udzu sunathe, ndipo mtengo wake dziko lonse laulipira mumdima. Zinyalala za udzu woyandama zimatseka masefa a makina a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Mu 2001 zinathandizira kugwetsa polowera madzi pa Tedzani, makina ena n'kukhala zaka osagwira ntchito. Pa baraji ya Kamuzu ku Liwonde pali chingwe chotchinga udzu ndi makina ouvuula, ndipo gawo la thandizo la ndalama zokwana madola 350 miliyoni la Millennium Challenge Corporation, pakati pa 2013 ndi 2018, linapita ku nkhondo yolimbana ndi udzu ndi matope a mu Shire. Ndalama zonsezo zimathera kumunsi, pamene udzu wafika kale. Kumtunda, kumene chonde choudyetsa chimalowera m'madzi, kumapita mawu okha.

Nkhani yowawa kwambiri ndi ya nkhono, chifukwa imathera m'thupi la mwana.

Likodzo silichoka kwa munthu kupita kwa munthu mnzake mwachindunji. Wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira a nyongolotsi amaswa, tiana take timalowa m'nkhono, timachulukana m'menemo, kenako timatuluka n'kuboola khungu la aliyense amene akusamba, kuchapa, kutsuka mbale kapena kukoka khoka. Popanda nkhono yoyenera, kapena popanda zonyansa za munthu m'madzi, matendawa sangayende. Likodzo la m'chikhodzodzo ndi lakale ku Mangochi, lozolowereka mwakuti m'midzi ina mnyamata akakodza magazi ankati wayamba kukula. Koma magombe a mchenga a nyanja yeniyeni ankadziwika kuti ndi abwino. Zinasintha m'zaka za m'ma 1980. Mu 1992 anthu awiri a bungwe la Peace Corps anadwala likodzo lofika m'ubongo ndi m'fupa la msana atasambira ku Cape Maclear, ndipo apa m'pamene mabungwe a zaumoyo a kunja anatembenuka. N'zomvetsa chisoni kuti panafunika alendo awiri kudwala kuti dziko limve zimene ana a m'mudzi wa Chembe ankakhala nazo tsiku ndi tsiku.

Jay Stauffer wa ku yunivesite ya Penn State ndi Henry Madsen wa ku Denmark anatsata nkhaniyi zaka zambiri. Anapeza kuti nsomba zodya nkhono, makamaka ya mtundu wa Trematocranus placodon imene imaphwanya zigoba ndi mano a kukhosi, zinachepa kwambiri m'madzi osaya chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono. Nkhono zinachuluka, ndipo nkhono ina ya m'nyanja momwemu, Bulinus nyassanus, imene kale sinkaganiziridwa, inapezeka ikunyamula likodzo pamchenga poyera. Khoka linachotsa nsomba yodya nkhono, kusowa kwa zimbudzi kunabweretsa mazira, ndipo ziwirizi zinakumana m'madzi amene ana amasewera.

Kenako kunabwera nkhono zatsopano. Mu 2004 Martin Genner ndi anzake anaonetsa kuti nkhono ina ya mtundu wa Melanoides, imene yadzaza m'madzi osaya a kum'mwera kwa nyanja, si yakuno koma inachokera ku Asia, ndipo inakhala zaka osadziwika chifukwa chofanana ndi abale ake akuno. Mu Novembala 2017, ofufuza a Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a ku Malawi akuyendera gombe la Mangochi, anapeza nkhono ya Biomphalaria pfeifferi m'udzu wa pansi pa madzi. Nkhonoyi imapezeka m'mitsinje ndi m'madambo ena a mu Africa, koma m'gombe lino inali isanalembedwepo. Ndiyo imanyamula likodzo la m'matumbo, limene limatupitsa chiwindi ndi kapamba mwakachetechete. Mu Meyi 2018 anayeza ana 175 a m'sukulu za pulaimale za m'mbali mwa nyanja, ndipo mmodzi mwa ana atatu alionse anaonetsa zizindikiro za matendawa, m'dera limene mabuku a zaumoyo ankati likodzo la m'matumbo silifala. Mu 2024 gulu lomwelo linalengeza za nkhono inanso, Pseudosuccinea columella, yochokera ku America, imene imanyamula nyongolotsi zowononga chiwindi cha ng'ombe ndi mbuzi.

Boma limagawa mankhwala a praziquantel m'sukulu, ndipo likuchita bwino. Koma mwana amamwa mankhwala lero, mawa mayi ake amutuma kukatsuka mapoto kunyanja komweko. Padoko pamene pamasonkhana mazana a asodzi, ogula nsomba, oyanika usipa ndi ophika zakudya, chimbudzi chimakhala chimodzi kapena osakhalapo, ndipo m'mchenga dzenje silichedwa kugumuka. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unakantha Mangochi kuposa maboma ambiri. Mu 2024 nyanja inakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mlingo wa nyanja zamchere, n'kulowa m'nyumba, m'malo ogona alendo ndi m'minda ya m'gombe lonse la Mangochi. Nkhani zambiri zinali za mipanda yogwa ndi alendo osabwera. Zochepa zinafunsa kuti maenje a zimbudzi a nyumba zonsezo, za olemera ndi za osauka zomwe, anakhuthukira kuti. Bungwe la National Water Resources Authority linakumbutsa anthu kuti malamulo salola kumanga pansi pa mzere wa mamita 477. Chikumbutsocho chinali choona, koma nyumbazo sizinamere usiku umodzi. Panali ogulitsa malo, panali ovomereza mapulani, panali otolera msonkho. Panalinso odula bango kuti gombe lioneke loyera pamaso pa alendo, pamene bangolo ndilo limasefa matope ndi kubisa kasawala, ana a chambo. Ndipo madzi a m'mipopi amene Southern Region Water Board imapopa ku Nkhudzi Bay amachokera m'nyanja yomweyi.

Za pulasitiki sizifuna mawu ambiri, poti aliyense amaziona: majumbo, mabotolo, matewera a ana ndi zidutswa za maukonde a nayiloni zimene zimapitiriza kukola nsomba mwini wake atazitaya kale. Boma linaletsa mapepala apulasitiki opyapyala mu 2015. Makampani anathamangira kukhoti. Khoti lalikulu la apilo linagamula mokomera chiletsocho pa 31 Julayi 2019, koma ziletso zina za khoti zinatsatira, mpaka mu Januwale 2025 pamene njira inatsegukanso. Zaka khumi zinathera m'makhoti, mvula khumi zikukokolera majumbo kunyanja.

Zonsezi n'zoipa, koma mwina zingachepetsedwe pang'onopang'ono. Chimene sichingabwezedwe n'komwe chikadali pakhomo, ndipo pali anthu ophunzira bwino amene akufuna kuchitsegulira.

Nsomba ya Nile tilapia, Oreochromis niloticus, ndi imene alimi a nsomba padziko lonse amaikonda. Imakula msanga, imadya chilichonse, imapirira madzi akuda, ndipo yasankhidwa mbewu kwa zaka zambiri. Ku Zambia ndi ku Zimbabwe imawetedwa m'makola oyandama pa nyanja ya Kariba, ku Mozambique pa Cahora Bassa. Mlimi wa ku Malawi amene amaweta makumba kapena chilunguni m'damu lake, n'kudikira miyezi yambiri kuti akolole tinsomba tating'ono, akamva za anzake a ku Siavonga mtima umamuwawa, ndipo ali ndi chifukwa. Amalawi akudya nsomba zochepa kuposa mmene ankadyera makolo awo m'zaka za m'ma 1970, chambo chasanduka ndiwo ya opeza bwino, ndipo ana ambiri ndi opinimbira. Amene amati lamulo loletsa nsomba zachilendo likusaukitsa alimi sakunama pa za umphawiwo. Akulakwitsa pa za mtengo umene dziko lidzalipire.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma mlendo uyu kulikonse kumene anafika sanachokeko. Ku nyanja ya Victoria, Nile tilapia ndi Nile perch zinaikidwa m'zaka za m'ma 1950. Kwa zaka makumi awiri zinkaoneka ngati zilibe vuto. M'zaka za m'ma 1980 Nile perch inachuluka modzidzimutsa, ndipo mitundu pafupifupi 200 ya nsomba zazing'ono za m'nyanjamo inasowa. Ngege, imene inali chambo cha anthu a kumeneko, inakankhidwa ndi Nile tilapia mpaka kutsala m'timadamu ta m'mbali. Ku Kariba, nsomba zothawa m'makola ndi m'madamu m'zaka za m'ma 1990 zinalanda malo a Oreochromis mortimeri, nsomba ya eni dera, imene tsopano ili pafupi kutheratu. Mumtsinje wa Kafue zachitika zomwezo. Palibe khola la nsomba limene silibooka, palibe damu limene silisefukira, ndipo dziko limene linaona namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 lisamanamizidwe kuti madamu ake adzakhala otseka mpaka kale.

Nile tilapia ndi m'bale wa chambo ndi makumba. Imafuna malo omwewo oswanirana, imalimbirana chakudya chomwecho, ndipo imatha kukwerana ndi abale ake a mtundu wa Oreochromis n'kubereka ana osakanizika. Ikanapeza chambo chili champhamvu, mwina nkhondo ikanatenga nthawi. Koma ichipeza chitagwada kale. M'nyanja ya Malombe munkagwidwa matani oposa 8,000 a chambo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Patangotha zaka khumi anatsala mazana ochepa, makoka a nkacha atapalasa udzu wonse wa pansi. Mu 2018 bungwe la IUCN linaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja ya Malawi, ndipo linaika mitundu itatu ya chambo, karongae, squamipinnis ndi lidole, m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Madzi akuda, achonde, odzaza ndere, amene matope ndi zimbudzi zikupanga m'gombe la Makokola, ndiwo madzi amene Nile tilapia imakondwa nawo ndipo chambo chimavutika nawo. Kuipitsa madzi kukukonzera malo nsomba yachilendoyo isanafike n'komwe.

Ndipo ili pafupi. Mu 2013 Genner, Benjamin Ngatunga wa ku Tanzania, George Turner ndi anzawo analengeza kuti apeza Nile tilapia ndi mnzake Oreochromis leucostictus m'dera limene madzi ake amatsikira m'nyanja ya Malawi, kumbali ya Tanzania: m'kanyanja ka Itamba ndi m'madamu a alimi. Sizinafike mwangozi. Zinabweretsedwa ndi ntchito zachitukuko zofuna kuthandiza anthu. Nsomba siidziwa malire a dziko. Ikalowa mu Ruhuhu, tsiku lina idzafika ku Boadzulu. Nyanja ya Victoria ili ndi bungwe la mayiko ake loyang'anira usodzi kuyambira 1994, ya Tanganyika ili ndi Lake Tanganyika Authority. Malawi, Tanzania ndi Mozambique alibe bungwe lamphamvu lotere, ndipo kuyambira 2012 mphamvu zambiri za Lilongwe ndi Dodoma zathera pa mkangano wa malire a m'madzi. Mzere wa pamapu ungakambidwe zaka zana, koma mgwirizano woletsa nsomba zachilendo m'mitsinje yonse yothira m'nyanjayi ukufunika chaka chino, ndipo sufuna kuti wina agonje pa za malire.

Dziko lino linakanapo kale mayesero otere, ndipo linachita bwino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 panali ganizo lobweretsa kapenta wa ku Tanganyika, amene anali atachita bwino ku Kariba, poganiza kuti tizilombo touluka ta nkhungu za m'nyanja zikungowonongeka popanda nsomba yozidya. Akatswiri monga David Eccles, amene anagwira ntchito ku Monkey Bay zaka zambiri, anatsutsa, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti nsomba zakuno zimadya nkhunguzo ndithu. Usipa umene lero ukudyetsa dziko lonse ukanakhala ukulimbana ndi mlendo. Nsomba ya carp, imene inabwera kuchokera ku Israel mu 1976, inaletsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 poteteza nyanja. Lamulo la za usodzi la 1997 limaletsa kulowetsa nsomba zachilendo popanda chilolezo. Ngakhale kusamutsa nsomba mkati mwa nyanja momwemo kunasiya chipsera: m'zaka za m'ma 1960 wamalonda wina wogulitsa mbuna kunja anataya nsomba za kumpoto pa chilumba cha Thumbi West, ndipo zinakwerana ndi za pamenepo. Matenda nawonso amayenda ndi nsomba zamoyo ndi maukonde onyowa. Mu 2020 matenda a zilonda za nsomba a EUS, amene anafika mu Africa kudzera mu Zambezi mu 2006, anabuka ku Mchinji m'dera la mtsinje wa Bua, umene umathira m'nyanja.

Yankho la mlimi wosauka lilipo, ngakhale ndi lochedwa. Ku Domasi, National Aquaculture Centre mothandizana ndi WorldFish yakhala ikusankha mbewu ya makumba kuti azikula msanga. Nile tilapia yomwe ikutamandidwayo inafika pamene ilipo chifukwa cha ntchito yotere ya zaka makumi angapo. Ndalama zimene zikanalipira akatswiri olemba malipoti oikira kumbuyo nsomba yachilendo zipite ku Domasi, ku koleji ya zaulimi ya Bunda ndi ku chakudya cha nsomba chotsika mtengo, chimene ndicho chimafooketsa alimi ambiri kuposa mtundu wa nsomba.

Makola oyandama a Maldeco, amene anayamba cha m'ma 2004 kufupi ndi Makokola, amaweta nsomba zakuno, ndipo pa ichi ayenera kuyamikiridwa. Komabe khola lililonse limadontha. Kafukufuku wa Mangaliso Gondwe ndi anzake, wofalitsidwa mu 2011, anapeza kuti gawo loposa theka la chonde cha m'chakudya choperekedwa m'makolamo limathera m'madzi, ngakhale kuti panthawiyo mafunde ankachimwaza msanga moti kuwonongeka kunali kochepa. Makola ochepa ndi makola mazana si chinthu chimodzi. Boma likuitana amalonda ambiri kuti adzaike makola m'nyanja; bungwe la MEPA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, liyenera kunena poyera kuti mbali ino ya nyanja ingasenze makola angati, liziyeza madzi pafupipafupi, ndipo zotsatira zake zizipachikidwa pa ofesi ya DC ku Mangochi pamene msodzi aliyense angaziwerenge. Chimodzimodzinso hotela iliyonse ndi nyumba iliyonse ya m'gombe izionetsa kumene zonyansa zake zimapita isanalandire chiphaso cha chaka chotsatira. Si chilungamo kuti msodzi wa bwato limodzi aone ukonde wake ukupsa pamchenga, pamene mwini mpanda wautali pafupi pomwepo sanafunsidwepo za dzenje lake la chimbudzi.

Khonsolo ya Mangochi imatolera ndalama m'misika ya nsomba ndi m'malo ogona alendo. Zimbudzi zolimba, zomangidwa kumtunda kwa mzere wa madzi, m'madoko akuluakulu onse, ndi ntchito imene ndalama zimenezo zingayambe. Mafumu a kwa Mponda ndi kwa Nankumba ali ndi mphamvu yoletsa kudula bango ndi kulima m'mphepete mwa mitsinje, monga mmene a ku Mbenji amaletsera kusodza.

Za nsomba yachilendo, alonda abwino alipo kale, kungoti sanauzidwe choyang'ana. Makomiti a m'madoko, amene anayambira ku Malombe mu 1993, amaona nsomba iliyonse yotsika m'bwato. Nile tilapia siivuta kuizindikira: chipsepse chake cha kumchira chili ndi mizere yakuda yoimirira, yondondozana bwino kuyambira patsinde mpaka kunsonga, imene chambo chilibe. Chithunzi cha mchira umenewo, ndi mawu a Chichewa ndi Chiyao, chiyenera kupachikidwa padoko lililonse kuchokera ku Makanjira wa ku Mangochi mpaka ku Chembe, komanso pa zipata za Chiponde, Songwe, Mchinji ndi Mwanza, pamene chidebe cha mbewu ya nsomba chingadutse pakati pa katundu wina. Msodzi amene waikola, kapena mlimi amene wagulitsidwa mbewu yokayikitsa, adziwe kuti akaipereka ku ofesi ya za usodzi ku Mangochi kapena kwa ofufuza a ku Monkey Bay sadzalipitsidwa chindapusa, ndipo ofesiyo ikhale ndi mafuta a galimoto oti ikafike padamulo sabata yomweyo.